Kodi Zoom inakwera chifukwa cha mliri wa Covid-19, kapena inali itakonzeka kale?

Nabanda:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumatsatira nkhani za makampani a zipangizo zamakono pa bwalo lino. Ndikukonza phunziro la ophunzira anga a zamalonda lokhudza mmene kampani yaing'ono ingagonjetsere makampani akuluakulu amene anayamba kale, ndipo ndasankha Zoom kuti ikhale chitsanzo, koma pali funso limodzi limene ndikufuna kumva maganizo anu ndisanaime pamaso pa kalasi.

Pamene Zoom inkayamba mu 2011, kulumikiza anthu pa vidiyo kudzera pa intaneti sikunali chinthu chachilendo. Skype inalipo kuyambira mu 2003, ndipo m'chaka chomwecho cha 2011 Microsoft inaigula pa mtengo wa madola 8.5 biliyoni. Cisco inali ndi WebEx, Citrix inali ndi GoToMeeting, Apple inali itatulutsa FaceTime, ndipo Google inali ikuyamba Hangouts. Makampani onsewa anali ndi ndalama, akatswiri ndi makasitomala ochuluka kuposa mmene kampani yatsopano ikanalotera. Komabe mliri utafika mu 2020, dzina limene linali pakamwa pa aliyense, kuyambira nduna za maboma mpaka makomiti a mipingo ndi abale athu okhala kunja pokambirana za maliro, linali la Zoom.

Ambiri amene ndakambirana nawo amati unali mwayi chabe, kuti mliri ndiwo unaikweza. Yankho limeneli silikundikhutiritsa, chifukwa mliriwo unagwera makampani onse pa nthawi imodzi, ndipo ngati unali mwayi, unali mwayi wa onse. Ndikupempha amene mukuidziwa bwino mbiri ya kampaniyi kuti mundithandize kumvetsa chimene inachita m'zaka za pakati pa 2011 ndi 2020, komanso ngati pali zina zimene sindiyenera kuwabisira ophunzira pofotokoza kukwera kwake.

Chisale:

Mayi Nabanda, mwakayikira pamalo oyenera. Kuti mumvetse Zoom muyenera kuyambira pa WebEx, chifukwa amene anayambitsa Zoom anali atagwira ntchito imeneyi kwa zaka 14 asanatsegule kampani yake.

Eric Yuan anabadwa mu 1970 m'chigawo cha Shandong ku China, ndipo anaphunzira masamu ndi makompyuta kwawo komweko. Atafuna kupita ku America anakanizidwa viza kasanu ndi katatu, ndipo anailandira pa ulendo wachisanu ndi chinayi. Anafika ku California mu 1997 n'kulowa ntchito ku WebEx, kampani imene inayambitsidwa ndi Subrah Iyar ndi Min Zhu, ndipo anali mmodzi mwa mainjiniya ake oyambirira. Mu 2007 Cisco inagula WebEx pa madola 3.2 biliyoni, ndipo Yuan anakwezedwa kufika pa udindo wotsogolera mainjiniya a nthambi imeneyo. Iye wakhala akufotokoza kuti akamacheza ndi makasitomala ankapeza kuti ambiri sanali okondwa, chifukwa pulogalamuyo inapangidwa poyamba kuti anthu azionetsana zolemba pa kompyuta, ndipo vidiyo inangowonjezeredwa pamwamba pake pambuyo pake, kotero kuti mawu ankaduka ndipo kulowa mu msonkhano kunkatenga nthawi. Anapempha akuluakulu a Cisco kuti pulogalamuyo ilembedwe mwatsopano moganizira mafoni amakono, amene panthawiyo anali akufalikira mofulumira, koma pempho lake silinavomerezedwe. Mu 2011 anasiya ntchito, ndipo mainjiniya pafupifupi 40 anamutsatira.

Kampaniyo inayamba ndi dzina loti Saasbee, n'kusintha kukhala Zoom mu 2012, ndipo likulu lake lili ku San Jose. Ambiri mwa anthu oika ndalama m'makampani atsopano anaikana poganiza kuti msikawo unali utadzaza kale, monga mmene inunso mwaonera, kotero ndalama zoyambira, madola 3 miliyoni, zinachokera kwa anthu amene ankamudziwa Yuan ndi ntchito yake, kuphatikizapo Subrah Iyar mwiniwake. Chimene ndimafuna kuti ophunzira anu achione n'chakuti kampaniyi inakhala pafupifupi zaka ziwiri ikungolemba pulogalamu, osagulitsa kanthu kwa anthu wamba. Pulogalamu yoyeserera inatuluka mu 2012, yunivesite ya Stanford inakhala kasitomala woyamba kumapeto kwa chaka chimenecho, ndipo pulogalamu yeniyeni inatuluka mu Januwale 2013.

Kusiyana kwake kunali m'kati mwa kapangidwe. Njira zakale zinkatumiza zithunzi za anthu onse ku makina amodzi apakati, amene ankaziphatikiza kukhala chithunzi chimodzi n'kuchibweza kwa aliyense, ndipo ntchito imeneyi inkafuna makina amphamvu ndi okwera mtengo. Zoom inasankha kuti maseva ake, amene ndi makompyuta akuluakulu apakati, azingolandira ndi kugawa zithunzizo, pamene ntchito yambiri ikuchitikira mu foni kapena kompyuta ya munthu aliyense, ndipo pulogalamuyo imayeza mphamvu ya netiweki nthawi zonse, kotero kuti netiweki ikafooka imatsitsa ubwino wa chithunzi kuti mawu asaduke. Munthu amapirira nkhope yosaoneka bwino, koma sapirira msonkhano umene sakumva zolankhulidwa, ndipo amene anapanga Zoom anaidziwa mfundo imeneyi kuchokera pa madandaulo a makasitomala a WebEx.

Chachiwiri chinali kagulitsidwe. Woitanidwa ku msonkhano sankafunika kutsegula akaunti kapena kukhala pa mndandanda wa anzake a woitana. Ankangodina linki n'kulowa. Msonkhano wa gulu unali waulere kwa mphindi 40, nthawi yokwanira kuti munthu aone kuti pulogalamuyo ikugwira bwino ntchito, koma yosakwanira msonkhano wa kampani, kotero amene ankaifunadi ankalipira. Mwa njira imeneyi kasitomala aliyense akaitana anthu khumi ankakhala akuwaonetsa malondawo popanda kampani kulipira wotsatsa. Ndalama za oika chuma m'makampani zinayamba kubwera kuchokera kwa Qualcomm Ventures, Jerry Yang amene anayambitsa nawo Yahoo, Horizons Ventures ya Li Ka-shing, Emergence Capital, ndipo mu Januwale 2017 Sequoia Capital inaika madola 100 miliyoni, zimene zinafikitsa mtengo wa kampaniyo pa madola 1 biliyoni.

Umboni waukulu woti kampaniyi inali itaima kale mliri usanafike uli pa 18 Epulo 2019, tsiku limene inayamba kugulitsa masheya pa msika wa Nasdaq. Sheya imodzi inaikidwa pa mtengo wa madola 36 n'kutsekera pa madola 62 tsiku lomwelo, ndipo mtengo wa kampani yonse unafika pafupifupi madola 16 biliyoni. M'chaka chake cha ndalama chimene chinatha mu Januwale 2019 inali itapeza madola 330 miliyoni ndipo inali itapanga phindu, pamene Lyft ndi Uber, makampani oitanitsira galimoto pa foni amene analowa pa msika m'miyezi yomweyo, anali kuluza ndalama zambiri. Mu Disembala 2019 chiwerengero cha olowa m'misonkhano ya Zoom pa tsiku chinkafika 10 miliyoni, ndipo mu Epulo 2020 chinafika 300 miliyoni. Mliri ndiwo unabweretsa khamulo, izi palibe angakane, koma kuti maseva asagwe pamene anthu anachuluka ka 30 m'miyezi inayi, zinatheka chifukwa cha zimene zinasankhidwa mu 2011 ndi 2012, pamodzi ndi kubwereka msanga malo owonjezera pa maseva a Amazon ndi Oracle.

Gama:

Bambo Chisale afotokoza bwino kwambiri za chiyambi, ndipo sindikutsutsa chilichonse mwa zimene anena, koma Mayi Nabanda anafunsanso za zimene sayenera kuwabisira ophunzira, ndipo mbali imeneyi ndi yofunika kuisamala, chifukwa kuphweka kumene kunakweza Zoom n'komwenso kunaiika m'mavuto. Ine ndimagwira ntchito yoteteza makompyuta a m'maofesi, choncho nkhaniyi ndimaiona kuchokera mbali imeneyo.

Chenjezo loyamba linabwera mliri usanayambe. Mu Julayi 2019 katswiri wina wofufuza za chitetezo, Jonathan Leitschuh, anaulula kuti pulogalamu ya Zoom pa makompyuta a Mac inkaika kapulogalamu kobisika kamene kankatsala ngakhale munthu atachotsa Zoom, ndipo kankachititsa kuti tsamba lina lililonse la pa intaneti lithe kulowetsa munthu mu msonkhano kamera yake ili yotsegula. Cholinga cha kapulogalamuko chinali kupeputsa kalowedwe, kuti munthu asadine kawiri. Vutolo linali lalikulu moti Apple yokha inatumiza kusintha kwa makompyuta onse a Mac kuti kachotsedwe. Apa mukuona kuti kampaniyo inasankha kuphweka m'malo mwa chitetezo mwadala, osati mwangozi.

Mu Malichi 2020 zonse zinatulukira pamodzi. Atolankhani a Motherboard anapeza kuti pulogalamu ya pa iPhone inkatumiza ku Facebook zambiri zokhudza foni ya munthu, ngakhale amene analibe akaunti ya Facebook. Popeza misonkhano inkadziwika ndi nambala chabe, ndipo yambiri inalibe pasiwedi, anthu achipongwe anayamba kulowerera m'makalasi, m'mapemphero ndi m'misonkhano ya odwala n'kumatukwana kapena kuonetsa zithunzi zolaula, khalidwe limene linadziwika ndi dzina loti Zoombombing, ndipo pa 30 Malichi ofesi ya FBI ku Boston inatulutsa chenjezo. Tsiku lotsatira Boris Johnson, amene anali nduna yaikulu ya Britain, anaika pa Twitter chithunzi cha msonkhano wa nduna zake nambala ya msonkhanowo ikuonekera, chizindikiro choti ngakhale maboma anali kugwiritsa ntchito chida chimene sanachimvetse bwino.

Cholakwa chachikulu, m'kuona kwanga, chinali cha mawu amene kampani inkauza makasitomala. Zoom inkalengeza kuti misonkhano yake ndi yotsekedwa kuchokera kwa wolankhula mpaka kwa womvera, kutanthauza kuti palibe wina pakati, ngakhale kampani yomwe, amene angathe kuitsegula. Atolankhani a The Intercept anaonetsa kuti sizinali choncho, chifukwa makiyi otsegulira anali m'manja mwa maseva a Zoom. Pa 3 Epulo gulu la Citizen Lab la ku yunivesite ya Toronto linapeza kuti njira yobisira inali yofooka kuposa imene inkalengezedwa, ndiponso kuti makiyi a msonkhano wina wa anthu a ku North America anachokera ku seva ya ku Beijing. Kampaniyo inali ndi mainjiniya mazana ambiri ku China, chimene chinathandiza kuti ndalama zolipira antchito zichepe ndi kuti phindu limene Bambo Chisale atchula litheke, koma tsopano chinasanduka gwero la kukayikiridwa. SpaceX, sukulu za mumzinda wa New York ndi boma la Taiwan analetsa antchito awo kuigwiritsa ntchito. Mu Juni 2020 Zoom inavomereza kuti, pomvera pempho la boma la China, inatseka maakaunti a anthu ena okhala ku America ndi ku Hong Kong amene ankachititsa misonkhano yokumbukira kuphedwa kwa ochita zionetsero za ku Tiananmen mumzinda wa Beijing mu 1989, ndipo mu Disembala boma la America linatsegulira mlandu wantchito wina wa kampaniyo wokhala ku China pa nkhani yomweyo.

Ndiyenera kunenanso mwachilungamo kuti kayankhidwe ka kampaniyo kanali kofulumira. Pa 1 Epulo 2020 Yuan anapepesa poyera ndipo anaimitsa ntchito yonse yopanga zinthu zatsopano kwa masiku 90 kuti mainjiniya onse alimbane ndi chitetezo. Pasiwedi ndi chipinda chodikirira zinayamba kugwira ntchito zokha popanda woitana kuziyatsa, Alex Stamos amene anali mkulu wa chitetezo ku Facebook anatengedwa kukhala mlangizi, ndipo mu Meyi anagula kampani ya Keybase kuti iwathandize kupanga kutseka kwenikweni. Poyamba ananena kuti kudzakhala kwa olipira okha, koma anthu atadandaula anasintha, ndipo kunayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2020. Mu Novembala bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linagwirizana ndi kampaniyo pa mlandu wonamiza anthu za chitetezo, ndipo mu 2021 Zoom inavomera kulipira madola 85 miliyoni pa mlandu umene ogwiritsa ntchito anaisumira. Mayi Nabanda, ophunzira anu adziwe kuti kukonza kumeneku kunabwera anthu akunja ataulula, ndipo afunsidwe ngati kukanachitika pakanapanda kuululako.

Mwale:

Ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinakhudzidwe, yoti kukwera kwa Zoom kunathandizidwa kwambiri ndi kusokonezeka kwa opikisana nayo. Skype inamangidwa kuti munthu aziimbira mnzake amene ali naye kale pa mndandanda, ndipo m'malo moipeputsa, mu 2017 Microsoft inaisintha maonekedwe kuti ifanane ndi mapulogalamu ochezera a achinyamata, zimene zinakwiyitsa ambiri mpaka zina zinachotsedwa chaka chotsatira. Panalinso Skype for Business, imene inali pulogalamu ina yosiyana ngakhale dzina linali lofanana, ndipo kuyambira 2017 mtima wa Microsoft unali pa Teams, pulogalamu yake ina yolemberana ndi kuchitira misonkhano m'maofesi. Skype inatsekedwa pa 5 Meyi 2025. Google nayo inali ndi Hangouts, Duo ndi Meet pa nthawi imodzi, ndipo Meet inakhala yaulere kwa aliyense mu Meyi 2020, pamene anthu ambiri anali atazolowera kale kwina.

Komabe tisafulumire kunena kuti akuluakuluwo anagonja. Microsoft inaphatikiza Teams mu mtolo wa Office umene maofesi ankalipira kale, kotero woyang'anira ndalama m'kampani akafunsidwa kuti alipire Zoom ankafunsa chifukwa cholipirira kawiri. Kuphatikiza kumeneku n'kumene kampani ya Slack, yopikisana ndi Teams, inakadandaulira ku European Commission, nthambi yoyendetsa mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, mu Julayi 2020, ndipo mu 2023 Microsoft inayamba kugulitsa Teams payokha ku Ulaya.

Popeza ophunzira anu ali kuno kwathu, Mayi Nabanda, ndi bwinonso kuwakumbutsa kuti sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ana ambiri a ku pulayimale amene anapitiriza kuphunzira anatero kudzera pa wailesi, osati pa vidiyo. Zoom inafika m'maofesi, m'mabungwe ndi m'mayunivesite, koma mtengo wa bando ndi kusowa kwa mafoni amakono zinaika malire amene kapangidwe kabwino ka pulogalamu sikakanatha kuwachotsa.

Nabanda:

Zikomo kwambiri nonse atatu, chifukwa tsopano phunziroli lili ndi mbali zimene ndinalibe. Chandikhudza kwambiri ndi mfundo ya Bambo Gama yoti chisankho chimodzi, chopeputsa kalowedwe, chinabala kukwera ndi mavuto omwe. Funso latsala ndi la pambuyo pa mliri. Ndimamva anthu akunena kuti kampaniyi inagwa anthu atabwerera kumaofesi, koma ndikuona kuti ikugwiritsidwabe ntchito paliponse. Bambo Chisale, kodi chinagwa ndi chiyani kwenikweni?

Chisale:

Mayi Nabanda, chimene chinagwa ndi mtengo wa masheya, osati malonda, ndipo kusiyana kumeneku n'koyenera kukhala pa bolodi pamaso pa ophunzira a zamalonda. M'chaka cha ndalama chimene chinatha mu Januwale 2020 kampaniyo inapeza madola 623 miliyoni, chaka chotsatira madola 2.65 biliyoni, ndipo chinacho madola 4.1 biliyoni. Kuchokera pamenepo ndalama sizinatsike, koma zinayamba kukula pang'onopang'ono, kufika pa madola pafupifupi 4.4 biliyoni, kenako 4.5 biliyoni. Ogula masheya anali atalipira mtengo woyembekezera kuti kukula kwa 2020 kupitirira kwa zaka zambiri. Mu Okutobala 2020 sheya imodzi inapitirira madola 560, ndipo kwa kanthawi msika unkaiwerengera Zoom mtengo woposa wa ExxonMobil, kampani yaikulu ya mafuta. Pa 9 Novembala, tsiku limene Pfizer inalengeza kuti katemera wake akugwira ntchito, masheya a Zoom anatsika ndi pafupifupi 17 peresenti, ndipo pofika kumapeto kwa 2022 sheya inali pansi pa madola 70.

Atsogoleri a kampaniyo ankadziwa kuti misonkhano ya pa vidiyo yokha siingawasunge, makamaka chifukwa cha zimene Bambo Mwale anena zokhudza Teams. Anali atayamba kale Zoom Phone mu 2019, yoti ilowe m'malo mwa matelefoni a m'maofesi, ndipo mu Julayi 2021 analengeza kuti agula Five9, kampani yopanga mapulogalamu a malo oyankhira makasitomala pa foni, pa mtengo wa madola 14.7 biliyoni. Malipiro onse anayenera kukhala a masheya a Zoom, osati ndalama, ndipo pamene masheyawo ankatsika, mtengo umene eni Five9 akanalandira unkatsikanso, kotero kumapeto kwa Sepitembala anakana pa voti ndipo mgwirizanowo unatha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene kampaniyo inataya mpata waukulu, chifukwa nthawi imene masheya ake anali ndi mphamvu yogulira makampani ena inali yaifupi, ndipo inatha isanagule chachikulu chilichonse. Inayenera kudzipangira yokha pulogalamu ya mtundu umenewo, imene inatuluka mu 2022.

Mu Febuluwale 2023 inachotsa antchito pafupifupi 1,300, amene anali 15 peresenti ya onse, ndipo Yuan anadula malipiro ake a chaka chimenecho ndi 98 peresenti, povomereza kuti analemba anthu ochuluka mofulumira nthawi ya mliri. Mu Ogasiti chaka chomwecho inauza antchito okhala pafupi ndi maofesi ake kuti azibwera kawiri pa sabata, ndipo m'mwezi womwewo panabuka mkangano wina pa malamulo ake ogwiritsira ntchito, amene ankaoneka ngati akuipatsa ufulu wophunzitsira makina a nzeru zopangidwa (AI) ndi zolankhulidwa m'misonkhano, mpaka inalemba momveka kuti siidzatero. Nkhani imeneyi ikugwirizana ndi funso la Bambo Gama, chifukwa apanso kusintha kunabwera anthu atadandaula. Mu Sepitembala 2023 inatulutsa AI Companion, imene imalemba chidule cha msonkhano, ndipo inaipereka kwa olipira popanda mtengo wowonjezera. Mu Novembala 2024 inachotsa liwu loti Video pa dzina lake n'kukhala Zoom Communications.

Ngati mukufuna ntchito yopatsa ophunzira, apatseni ziwerengero za ndalama za kuyambira 2019 mpaka 2024 pambali pa mitengo ya masheya ya zaka zomwezo, ndipo awerengere okha kuti pa chaka chilichonse ogula masheya ankalipira madola angati pa dola imodzi imene kampaniyo inkapeza. Malipoti a pachaka a kampaniyi amapezeka mwaulere pa tsamba lake la eni masheya.